Malata Khumi a Msika wa Tingoona

Mu ufumu wa Zakwera, kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu, munali mfumu yotchedwa Sindilakwa Wachiwiri. Dzinali inalandira kwa bambo ake pamodzi ndi mpando, ndipo mwa zonse zimene inalandira, dzinali ndi limene inalisamala kwambiri. Bambo akewo anamwalira iyo ili mwana wasukulu, sabata imene kalasi yake inali itangomaliza kuphunzira kuwonkhetsa. Kuchulukitsa kunali koti kuyambe Lolemba lotsatira. Loweruka anaiveka chisoti chachifumu, ndipo kusukulu sinabwererenso.

Choncho masamu ovomerezeka mu Zakwera anali owonkhetsa basi. Panalibe lamulo lolembedwa loletsa kuchulukitsa, koma aphunzitsi anazolowera kutsitsa mawu akafika pa mutu umenewu, ndipo ochenjera ankatseka ndi mawindo omwe.

Lamulo lolembedwa linali lina, lakalekale, ndipo ngakhale mwana woyamwa ankalidziwa. Kuyang'ana pamwamba pa mutu wa Mfumu, kapena pamwamba pa mpando wake, unali mlandu wa zaka zisanu ndi ziwiri, chifukwa pamwamba pa Mfumu palibe kanthu koti munthu wolongosoka ayang'ane. Mfumu nayonso sinkatha kuyang'ana kumwamba. Chisoti chake chinasulidwa poyesa mutu wa bambo ake, umene unali waukulu ndithu, ndipo mwambo unkati tsiku limene chisoticho chidzagwe pagulu, ufumu watha pomwepo. N'chifukwa chake Sindilakwa ankayenda khosi lili gwa, ndipo alendo ankabwerera kwawo akusimba kuti sanaonepo mfumu ya ulemerero wotere.

Mitengo ya katundu mu Zakwera sinkakwera. Mawu amenewo anachotsedwa pa wailesi kalekale. Mitengo inkangoimirira polemekeza Mfumu, ndipo chaka chimene tikunenachi inaimirira katatu. Koyamba munali mu Febuluwale, dzino la Mfumu litapola, ndipo inaimirira ndi 10 peresenti. Kachiwiri munali mu Meyi, Mfumu italandira udokotala waulemu kuchokera ku sukulu yaukachenjede imene mwini wake anali iyo yomwe, 10 peresenti inanso. Kachitatu, mu Ogasiti, chifukwa panalibe, koma nduna zinaona kuti papita nthawi anthu asanasonyeze ulemu.

Ku msika wa Tingoona, kumene anthu ankapita kukaona katundu kenako n'kubwerera kunyumba chimanjamanja, nkhaniyi anailandira mwachizolowezi. Mayi wina wogulitsa matemba anati mitengo ya kuno ndi yoleredwa bwino, chiimirireni mu Febuluwale sinapemphepo pokhala. Wogulitsa makala anamuyankha kuti asalankhule mokweza, mitengoyo ingamve kuti ikuyamikiridwa n'kuimiriranso.

Msikawo unalibe denga. Nthawi ya dzinja amayi ankagulitsa atafunda mapepala apulasitiki, ufa ukuwumbika m'malichero. Tsono pofuna kukondwerera zaka 25 za ulamuliro wake, Mfumu inalonjeza kuti msikawo ufoleredwa, ndipo idzautsegulira yokha sabata yoyamba ya Disembala. Oyesa anayesa, napeza kuti pafunika malata 400.

Ntchito yowerengera zipangizo inali ya mayi Esitere Kambalame, kalaliki wa mu Unduna wa Zomangamanga, amene anakhala pa desiki imodzi zaka 14 akuona nduna zikubwera zoonda n'kuchoka zonenepa. Zaka zonsezo ankangotayipa nambala zimene nduna yawapatsa pa kapepala. Koma chaka chimenechi undunawo unalandira kompyuta kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja, ndipo popeza abwana onse ankaiopa, inagwera mayi Kambalame. Iwo anaphunzira kulemba mitengo ya simenti, misomali, matabwa ndi malata mu sipuredishiti, tsamba lija la timabokosi limene ukalemba nambala m'kabokosi kamodzi, tinzake timawerengera tokha.

M'kabokosi koyamba analemba mtengo wa lata limodzi wa mu Januwale, umene unali mapepuka 1,000. Pepuka ndi ndalama ya ku Zakwera, ndipo dzinalo silinali lonamizira. Kabokosi kachiwiri anakauza kuti katenge za m'koyamba n'kuikapo 10 peresenti, ndipo kanayankha 1,100. Kachitatu kanatenga za m'kachiwiri, osati za m'koyamba, pakuti wasitolo akamakweza mtengo amakweza umene ulipo lero, osati umene unaikidwa m'manda mu Januwale. Kanayankha 1,210. Kachinayi kanatenga pamenepo n'kuyankha 1,331.

Mayi Kambalame anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Masamu a kubwalo la Mfumu ankati khumi, khumi ndi khumi ndi 30, kotero lata ndi mapepuka 1,300, ndipo a zachuma anali atatulutsa kale mapepuka 520,000 ogulira malata 400 pa mtengo umenewo. Anauza kabokosi kena kuti kagawe ndalamazo ndi 1,331. Kanati malata 390, chenji mapepuka 910.

Mwina kompyuta yasokonekera, anaganiza motero. Pa nthawi ya nkhomaliro anatsikira ku sitolo yokhayo imene inkaloledwa kugulitsa malata mu ufumuwo. Mwini wake anali mkazi wa nduna yawo yomwe, Nduna Chapambali, koma izi zinangochitika mwangozi, monga mmene zinthu zambiri zabwino zinkachitikira banja limeneli. Pa lata panali patalembedwa ndi choko: 1,331. Apa mpamene mayi Kambalame anadziwira kuti a Chapambali m'mawa amawonkhetsa kubwalo la Mfumu, masana n'kukachulukitsa kusitolo.

Anadziwanso chinthu china chimene chinawalanda chilakolako cha chakudya. Mu Zakwera munali lamulo loti mmisiri wosiya ntchito ya Mfumu yosatha waba zotsalazo, ndipo chilango chake chinali zaka zisanu ku ndende ya Khalanipo. Ufumu wonse unali wodzaza ndi sukulu zopanda zitseko, zipatala zosowa khoma limodzi, ndi mlatho wina umene unathera mapazi awiri usanafike tsidya, moti anthu ankamalizitsa ndi kudumpha. Nyumba yokhayo yomangidwa bwino inali ndende ya Khalanipo, popeza amisiri onse odziwa ntchito ankakhala komweko. Makalata amene anawapititsa kumeneko anatayipa ndi mayi Kambalame. Anawerenga amisiriwo ndi zala akubwerera ku ofesi, ndipo anakwana khumi ndi mmodzi.

Wa nambala 12 anali atasankhidwa kale. Anali a Jailosi Matewere, kalipentala wa zaka 62, amene anapulumuka zaka zonsezi chifukwa chokhala kumapeto kwa tauni ndi kunamizira msana nthawi iliyonse imene boma likufuna mmisiri. Tsopano panalibenso wina wotsala. Tsiku limene kalata yowayamikira kuti apambana ntchito yofolera msika inafika, akazi awo, mayi Nangondo, sanalire. Anangotenga bulangete, mbale, kapu ndi sopo awiri, n'kumanga kamtolo, n'kukaika kuseri kwa chitseko.

A Matewere anabwera ku unduna kudzasainira ndalama atavala jekete ya kutchalitchi. Mayi Kambalame anawapatsa mpando, chinthu chimene sichinkachitika m'maofesi a boma, ndipo bamboyo anadziwiratu kuti nkhani si yabwino. Anawatembenuzira kompyuta n'kuyamba kufotokoza za timabokosi. A Matewere anati za timabokosi sazidziwa, angowauza kuti ndi angati.

"Khumi, bambo. Malata khumi sadzakwanira."

"Khumi okha," anatero a Matewere, akupotokola chipewa m'manja. "Ndiye kuti lata lililonse ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mnzanga Sitefano anapita chifukwa cha zitseko zinayi. Ine bola, ndikupita ndi katundu wooneka."

Mayi Kambalame sanaseke. Atatuluka bamboyo, anachita chinthu chimene kalaliki wofuna kufika pa penshoni sachita: analemba lipoti. Lipotilo linakwera masitepe onse a unduna chifukwa aliyense amene linamufika ankafuna kuti limuchoke m'manja msanga, ndipo pa tsiku lachitatu linapezeka pa tebulo la nduna zonse, pamaso pa Mfumu. Mayi Kambalame anaitanidwa, ndipo kompyutayo anainyamula asilikali awiri n'kuikhazika pa mpando wa oimbidwa mlandu.

Mfumu inafuna kudziwa chinthu chimodzi. Iyo inalamula katatu, khumi khumi, ndipo malamulo onse atatu inasaina ndi dzanja lake. Nanga mapepuka 31 enawa pa lata lililonse analamula ndani?

Mayi Kambalame anagwada, maso ali pansi monga mwa lamulo. "Wamkulukulu, palibe anawalamula. Khumi lachiwiri likamabwera limapeza loyamba lilipo kale, ndiye limakwera pamsana pake. Lachitatu limakwera pamsana pa onse awiri."

"Mu ufumu wanga?" inafunsa Mfumu. "Popanda chilolezo?"

Nduna zonse zinapukusa mitu posonyeza kukhumudwa ndi khalidwe la makumiwo. Mkulu wa asilikali analoza kompyutayo nati chinthucho achitsekere mpaka chiulule amene anachituma. Nduna ya za Ulemu, munthu wofatsa amene ntchito yake inali yoonetsetsa kuti anthu akugwada mokwanira, inati asachilange msanga, n'chinthu cha kunja, sichinalangizidwe, achifunditse nsalu ya nkhope ya Mfumu kwa sabata imodzi mwina chingaphunzire mwambo. Nduna ya za Maphunziro inati ilibe ndemanga chifukwa nkhaniyi ikukhudza masamu. A Chapambali, amene m'thumba mwawo munali malisiti a kusitolo, analankhula mphindi makumi awiri, misozi ili m'maso, za kuopsa kwa nambala zobwera zokha popanda wozituma. Anati lero ndi 31, mawa zidzakhala zikuguba mumsewu.

Chigamulo chinatuluka madzulo omwewo. Mzere wa timabokosi tamwano uja uchotsedwe, pakhale mzere womvera umene uziwonkhetsa. Kompyuta ifunditsidwe nsalu masiku asanu ndi awiri. Mayi Kambalame akhululukidwa chifukwa anangosocheretsedwa ndi makina. Ndipo popeza zinamveka kuti amayi a kumsika ayamba kusonkherana kuti agulire a Matewere malata khumiwo, komanso kuti bamboyo akutsatsa njinga ndi mbuzi zake ziwiri, bwalo linakumbutsa anthu kuti kuwonjezera pa ndalama za Mfumu ndi kunena kuti ndalama za Mfumu n'zoperewera, ndipo chimenecho ndi chipongwe chokhala ndi chilango chakechake.

Masiku asanu ndi awiri atatha, mayi Kambalame anavundukula kompyuta ija n'kupanga mzere womvera. Unati 1,300, malata 400, chotsala palibe. Mzere wamwano uja sanaufufute. Dzanja linakana. Anangoubisa, pakuti sipuredishiti imalola munthu kupinda mzere kuti usaoneke, uku ukupitiriza kuwerengera mkatimo. A Chapambali anabwera kudzayendera, anaona kuti makina alapa, ndipo anasaina chikalata chotsimikiza kuti ndalama n'zokwanira.

Novembala anafika ndi kutentha kwake. A Matewere anagula malata 390, anakhoma mitanda ndi mapaso onse, n'kuyamba kufolera kuchokera kum'mawa. Anzeru a kumsika anawapatsa malangizo ambiri osawapempha. Ena anati achepetse polumikizira malata kuti atambasuke mpaka akwane. A Matewere anakana. Anati denga lotere limadontha paliponse, ndipo iwo sanakhome misomali zaka 40 kuti adzanyowetse ufa wa amayi onse pofuna kudzipulumutsa. Ena anati asiye mpata kumapeto, kumbali ya zimbudzi, kumene Mfumu singafike. Koma aliyense ankadziwa kuti pa tsiku lotsegulira nduna zimazungulira ngodya zonse zikufunafuna choperewera, chifukwa nduna yopeza wakuba imaonekera pa wailesi ya kanema.

Tsiku lina masana mayi Kambalame anapita kumsikako. Analibe choti awauze, ankangofuna kuti asakhale mu ofesi. Anapeza a Matewere atakhala pa thabwa akudya chinangwa chootcha, ndipo anakhala nawo. Anawapepesa kuti lipoti lawo silinathandize, n'kuwauza za mzere uja, kuti sanaufufute, ulipo ndithu, koma uli pamalo poti palibe amene amaloledwa kuyang'anapo.

A Matewere anasiya kutafuna. Anayang'ana mitanda yosafolera ija, kenako anayang'ana pansi pa msika, kenako mitanda ija kachiwiri.

"Mayi," anatero, "matabwa a nsanja ya pa tsiku lotsegulira munawerengera ndinu?"

Mayi Kambalame anavomera.

"Ndiye mukudziwa pamene mpando wa Mfumu udzakhale."

Mayi Kambalame anachita kudziluma mlomo kuti asaseke. Anaimirira, anayenda mpaka pakati penipeni pa msika, n'kuima pamenepo kanthawi ngati munthu amene waiwala chimene amafuna kugula. Kenako anabwerera ku ofesi.

M'mawa mwake a Matewere anasiya denga n'kuyamba kukhoma nsanja. Ataimaliza analembera Nduna ya za Ulemu kalata yodzichepetsa, kupempha kuti mpando wa Mfumu ubwere msanga kuti aone ngati nsanjayo ikuyenerana ndi ulemerero wake. Ndunayo inakhudzidwa kwambiri kuona mmisiri woganiza za ulemu, ndipo mpandowo unabwera tsiku lomwelo ndi asilikali anayi oulondera. Asilikaliwo anaima mozungulira mpando milungu itatu, maso ali pa nsapato zawo, pakuti zaka zisanu ndi ziwiri ankazidziwa bwino kuposa wina aliyense. A Matewere anafolera kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera. Anafolera bwino kwambiri, msomali uliwonse pamalo pake. Atafika pafupi ndi pakati malata anatha, ndipo anatsika. Kukwera pamwamba pa mpando wa Mfumu, ndi nsapato zomwe, si zinthu zimene munthu woleredwa bwino angachite.

Msika wonse unkadziwa, ngakhale panalibe amene anayang'ana. Mayi wa matemba uja ankangoti pakati pa msika pakuwala bwino masiku ano, ulemerero wa mpando si wamasewera.

Tsiku lotsegulira linacha ndi mitambo yakuda kumbali ya kum'mwera. Mayi Nangondo anaperekeza amuna awo atasenza kamtolo kaja, kuti ngati zivute asavutike kubwereranso kunyumba. Ana asukulu anaimba, agulu la zitoliro analiza, ndipo Mfumu inafika khosi lili gwa, nduna zili pambuyo. Anazungulira ngodya zonse zinayi. Nduna zinasuzumira m'mbali, zinagogoda mizati, zinafika mpaka kuzimbudzi, ndipo nkhope zawo zinayamba kugwa poona kuti choperewera sichikupezeka. Mfumu inakwera pansanja n'kukhala pa mpando wake. Kuyambira pamenepo maso onse a mu msika anatsika.

Anaitana a Matewere. Mfumu inawafunsa ngati malata onse ali padenga.

"Wamkulukulu, lata lililonse limene ndalama zanu zinagula lili pamwamba. Ndipo panatsala chenji."

Anapereka envulopu ya mapepuka 910. Mu msika munamveka kung'ung'udza kwa kudabwa, chifukwa chiyambire ufumu wa Zakwera palibe ndalama ya boma imene inapitapo kwinakwake n'kubwerako. Mfumu inakweza envulopuyo kuti anthu aione, ndipo inati uwu ndi umboni woti masamu ake samangokwanira, amatsalako. Anthu anawomba m'manja. A Chapambali anawombanso, koma anali atayamba kutuluka thukuta, pakuti iwo okha pa nsanjapo ankadziwa kuti sitolo ya akazi awo inatulutsa malata 390, ndipo anali atazungulira msika wonse osapeza pamene khumi enawo akusowa. Panatsala malo amodzi okha amene sanayang'ane.

A Chapambali anayamba kuwerenga zolankhula zawo, masamba 46. Ali pa tsamba lachisanu, mvula inagwa. Sinayambe ndi kuwaza, inangokhuthuka. Denga linalira ndi phokoso limene amayi a ku Tingoona anali asanalimvepo pamutu pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chimangire msikawo, anthu zikwi ziwiri anaima m'kati mwa mvula ali ouma. Madzi onse amene anapeza polowera analowera malo amodzi. Anatsika mowongoka, mulifupi mwake malata khumi, n'kufikira pa Sindilakwa Wachiwiri.

Chisoti chinadzaza n'kuyamba kusefukira m'makutu. Mkanjo wachifumu unamatirira pathupi, ndipo anthu amene anali kutsogolo anaphunzira zambiri za kaumbidwe ka Mfumu yawo. Msilikali wina wachifundo anathamanga ndi ambulera, koma Nduna ya za Ulemu inamugwira mkono nthawi yake isanathe, n'kumukumbutsa kuti pamwamba pa mutu wa Mfumu sipakhala kanthu. A Chapambali anasuntha mapazi awiri kumanzere kuti mapepala awo asanyowe, n'kupitiriza kuwerenga ndime yonena za denga lamakono losadontha.

Mfumu inakweza dzanja, ndipo a Chapambali anasiya. Mfumu inafunsa ndunayo ngati ili ndi choti inene. A Chapambali anayang'ana a Matewere ndi diso loti akanatha akanawadya osaphika. Koma kuti anene kuti padenga pali chibowo, anayenera kuvomera kuti ayang'ana pamwamba pa mutu wa Mfumu. Kuti anene kuti malata anaperewera, anayenera kufotokoza mtengo wa kusitolo ya akazi awo ndi chikalata chimene anasaina okha. Ananena kuti iwo sakuona vuto lililonse, ndipo kunena zoona, pamene ankayang'anapo vuto panalibe.

Ndiye Mfumu inaitana mayi wa makina uja. Mayi Kambalame anadutsa pakati pa anthu. Anadutsa pafupi ndi mayi Nangondo, amene anali atakumbatira kamtolo kaja pachifuwa. Anagwada m'mphepete mwa nsanja, pamene madzi ochokera kwa Mfumu ankatsikira, ndipo chitenje chawo chinanyowa m'maondo.

"Mayi iwe," inatero Mfumu, madzi akutsika pamphuno, "masamu akuti chiyani?"

Mayi Kambalame anali atanenapo zoona kamodzi pamaso pa Mfumuyi, ndipo zinathera pa kufunditsa kompyuta nsalu. Lero zoonazo zikanatengera a Matewere ku Khalanipo dzuwa lisanalowe.

"Ati, Wamkulukulu? A makina aja munawaletsa."

"Anga."

"Anu akuti malata ndi 400, denga ndi lathunthu, ndipo simukunyowa."

Anthu amene anali pafupi amati anaona khosi la Mfumu likuyesa kupendekera m'mbuyo pang'ono, chisoti n'kutsetsereka, dzanja n'kuthamangira kuchigwira. Kenako khosilo linabwerera m'malo mwake. Zaka 25 za kusalakwa zinali mbali imodzi, mbali inayo kunali kungonyowa chabe, ndipo Sindilakwa sanali munthu wotaya dzina la bambo ake chifukwa cha madzi.

"Pitirizani, a Chapambali," inatero.

Panali patatsala masamba 41, ndipo mvula inawaperekeza onse. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti pa mwambo wotsegulira msika wa Tingoona, kumwamba kunasankha Mfumu yokha pakati pa anthu zikwi ziwiri n'kuidzoza pamaso pa onse. Mayi wa matemba anati n'zoona, anaona yekha, ndipo akupempherera kuti madalitso oterewa azingopita kwa eni ake.

A Matewere anabwerera kunyumba ndi miyendo yawo, kamtolo kali pa njinga imene sanaigulitse. Mayi Nangondo anamasula kamtoloko, anatulutsa sopo mmodzi chifukwa wa m'nyumba anali atatha, n'kukamanganso. Amuna awo atafunsa chifukwa chake, anati iwo anabadwira ku Zakwera konkuno, asawaphunzitse. Amayi a kumsika anatchinga pakati paja ndi zingwe, anaikapo migolo, ndipo madzi a pamalo odzozera Mfumu ankatsukira tomato dzinja lonse.

Mfumu inadwala chimfine milungu iwiri. Itachira, dziko linasangalala kwambiri moti mitengo inaimirira ndi 10 peresenti. Kubwalo anawonkhetsa makumi anayi aja n'kupeza kuti lata tsopano ndi mapepuka 1,400. Kusitolo ya mayi Chapambali anafufuta choko chakale n'kulemba 1,464.

Sabata yomweyo a Matewere analandira kalata ya chidindo chagolide. Inati popeza iwo ndi mmisiri woyamba m'mbiri ya ufumuwu kumaliza ntchito ya boma n'kubweza chenji, Mfumu yawakomera mtima powapatsa ntchito yofolera mwatsopano nyumba yachifumu, malata 600, ndalama zake zatuluka kale. Mayi Nangondo anabwezera sopo uja m'kamtolo.

A Matewere anavalanso jekete ya kutchalitchi n'kupita ku unduna. Mayi Kambalame anawapatsa mpando, anatseka chitseko, n'kufunyulula mzere wobisika uja. Anawonjezera kabokosi kachisanu, kanatenga za m'kachinayi, ndipo kena kanagawa. Bamboyo sanadikire kuti amufotokozere za timabokosi, anangofunsa kuti ndi angati.

"Makumi awiri ndi asanu ndi awiri, bambo."

A Matewere anatseka maso, milomo ikuyenda, akuyesa m'mutu mulitali ndi mulifupi mwa malata 27. Anapeza kuti ndi chipinda chimodzi chachikulu bwino. Anatsegula maso n'kusendeza mpando kufupi ndi desiki.

"Mayi, tandionerani m'timabokosi mwanumo," anatero motsitsa mawu. "Bedi la Mfumu limakhala chipinda chiti?"